Mahatchi a Galloway a ku Scotland anali otani, ndipo anatha bwanji?

Mlendo wa ku Dumfries

Moni nonse. Ndimakhala ku Dumfries, kum'mwera chakumadzulo kwa Scotland, ndipo m'mabusa a kuno ng'ombe za mtundu wa Galloway sizisowa, kaya zakuda bii zopanda nyanga zija kapena zinzake zokhala ndi lamba woyera pamimba. Chimene chandichititsa kulemba n'chakuti dera lomweli la Galloway akuti linalinso ndi mtundu wakewake wa mahatchi aafupi amene anatchuka mpaka ku England, koma lero palibe ndi imodzi yomwe yotsala. Ndikupempha odziwa mbiri ndi odziwa za ziweto kuti andithandize. Kodi mahatchi amenewa ankaoneka bwanji, ndipo ankagwira ntchito yanji? Nanga zinatheka bwanji kuti ng'ombe za dera limeneli zipulumuke mpaka kufalikira m'mayiko ena, pamene hatchi imene aliyense ankaiyamikira inazimiririka? Anthu ena kuno amati mahatchiwa anachokera m'zombo zankhondo za ku Spain zimene zinasweka mu 1588, ndipo ena amati sanathe ayi, anangosintha dzina n'kukhala mahatchi a Fell. Pa zonsezi choona n'chiti?

Wokonda Mbiri Yakale

Bambo a ku Dumfries, ndiyambe ndi maonekedwe, popeza pamenepa mabuku akale amagwirizana. Angelezi amayeza msinkhu wa hatchi kuchokera pansi kufika pamwamba pa mapewa, ndipo muyeso wawo ndi chikhatho, chimene ndi mainchesi 4 kapena masentimita 10 ndi pang'ono. Lipoti la za ulimi wa ku Scotland la mu 1814 limati mahatchi a Galloway ankatalika zikhatho 12 mpaka 14, kutanthauza masentimita 122 mpaka 142, motero ankaposa timahatchi ta ku Wales ndi ta kumpoto kwa Scotland, koma sankafika pa hatchi yaikulu. William Youatt, dokotala wa ziweto wa ku London amene anatulutsa buku lonena za mahatchi mu 1831, anati hatchi yeniyeni ya Galloway inkakhala yofiirira mowala kapena yofiirira moderako, ya miyendo yakuda yowongoka bwino, ndipo mutu ndi khosi zinali zazing'ono. Chifuwa chake chinali chotakata ndi chakuya, ndipo m'menemo ndi mmene munkagona mpweya wautali umene inatchuka nawo.

Chimene chinawagulitsa kwambiri, komabe, sichinali nkhope koma mayendedwe. Hatchi wamba ikamathamanga pang'onopang'ono imaponya mwendo wakutsogolo wakumanja limodzi ndi wakumbuyo wakumanzere, ndipo wokwerayo amadumphadumpha pa chishalo mpaka msana kuwawa. Mahatchi ambiri a Galloway ankaponya miyendo iwiri ya mbali imodzi motsatizana kapena nthawi imodzi, motero wokwera ankangogwedezeka pang'ono uku ndi uku, n'kumatha tsiku lonse ali pamsana osatopa. M'nthawi imene misewu inali matope okhaokha ndipo ulendo uliwonse wautali unali wapamsana pa hatchi, khalidwe limeneli linali chuma chenicheni. Daniel Defoe, amene analemba za maulendo ake a mu Britain m'zaka za m'ma 1720, anati anthu a ku Galloway anali ndi mahatchi aafupi amphamvu abwino koposa mu Britain, mwinanso mu Ulaya monse, ofatsa, opirira, osadziwa kutopa, ndipo anawonjezera kuti Angelezi ankawagula ambiri pa chifukwa chimenechi. Mawu otsirizawo muwasunge, chifukwa akukhudza funso lanu lachiwiri. Lero akatswiri akudziwa gwero la mayendedwe oterewa: mu 2012 ofufuza a ku Uppsala ku Sweden anapeza kuti amachokera pa kusintha kwa kachigawo ka DNA kotchedwa DMRT3, ndipo mu 2016 gulu lina linapeza kusintha komweko m'mafupa a mahatchi a ku York a pakati pa zaka za 850 ndi 900. Izi zikusonyeza kuti mahatchi oyenda chonchi ndi akale kwambiri kumpoto kwa Britain.

Pa za ntchito, mahatchiwa sanali a mafumu pa zionetsero. Wolemba mbiri Jean Froissart, pofotokoza nkhondo ya mu 1327, anati asilikali wamba a ku Scotland ankakwera timahatchi timene sankatimanga n'komwe akafika pogona, ankangotisiya kuti tidye msipu m'tchire, ndipo msilikali aliyense ankanyamula kathumba ka ufa wa oats ndi chiwaya chachitsulo chophikirapo timikate. Gulu lotere silidikira ngolo za chakudya, n'chifukwa chake Angelezi ankalephera kuligwira. Mahatchi a mtundu womwewu ndi amene ankakweredwa ndi anthu akuba ng'ombe a m'malire a Scotland ndi England, amene ankawoloka madambo ndi zitunda usiku n'kubwerera ndi ziweto za eni kusanache, mpaka pamene James VI analowa ufumu wa mayiko onse awiri mu 1603 n'kuthetsa mchitidwewo ndi dzanja lolemera. M'zaka za m'ma 1700 ntchito ina yausiku inabuka m'mphepete mwa Solway Firth, chigawo cha nyanja cholowerera kumtunda pakati pa Scotland ndi England, kufupi ndi kumene mukukhalako: katundu wozembetsa msonkho monga fodya, tiyi ndi mowa waukali ankachokera ku Isle of Man pa maboti, n'kusenzetsedwa pa mahatchi kulowera kumtunda, mpaka boma la Britain linagula ulamuliro wa chilumbacho mu 1765.

Za zombo za ku Spain ndi nkhambakamwa chabe, ndipo Youatt yemweyo, atangoitchula nkhaniyi, anakumbutsa owerenga kuti dera la Galloway linkapereka kale mahatchi ambiri kwa Edward I, amene analamulira England kuyambira 1272 mpaka 1307. Tiwonjezerepo mfundo ziwiri. Mtsogoleri wa zombozo, Medina Sidonia, analamula kuti mahatchi ndi nyulu aponyedwe m'nyanja pofuna kusunga madzi akumwa, zombo zisanazungulire kumpoto kwa Scotland, ndipo zambiri zimene zinasweka zinaswekera kumadzulo kwa Ireland. Komanso cha m'ma 1597, pasanathe zaka khumi chiswekereni zombozo, Shakespeare anali atatchula kale mahatchi a Galloway m'gawo lachiwiri la sewero lake la Henry IV, ngati chinthu chimene aliyense woonera ku London ankachidziwa. Mahatchi ochepa opulumuka m'madzi sangabereke mtundu n'kuutchukitsa mpaka ku London m'zaka zochepa choncho. Nthano ya zombo za ku Spain imanenedwanso za mahatchi a Connemara ku Ireland, ndipo ine ndimaiona ngati njira imene anthu ankakometsera hatchi yawo pa msika.

Mlangizi Wopuma

Ndikuthokoza a Wokonda Mbiri chifukwa cha kufotokoza kwawo. Ine ndiyankhe funso la chifukwa chake, popeza ndi nkhani ya kaswedwe ka ziweto, ndipo mtundu wa chiweto sukutha mmene anthu ambiri amaganizira. Panalibe mliri umene unapulula mahatchi a Galloway, ndipo palibe amene anawapha. Anatha alimi akuwakonda, akuwagulitsa pa mtengo wabwino, ndiponso akuwasankha kuti akhale amayi a mahatchi ena.

Ulimi wa kum'mwera kwa Scotland unasintha kwambiri m'zaka za m'ma 1700. Eni malo anayamba kutchinga mabusa ndi mipanda yamiyala kuti azinenepetsamo ng'ombe zokagulitsa ku England, mpaka mu 1724 alimi osauka a ku Galloway anagalukira n'kumagumula mipandayo usiku. Mipanda inapambana ndithu, ndipo tchire limene mahatchi ankadyamo momasuka chaka chonse linachepa. Kenako kunabwera pulawo yopepuka ya James Small wa ku Berwickshire, kuyambira m'zaka za m'ma 1760, imene inkafuna munthu mmodzi ndi mahatchi awiri amphamvu m'malo mwa gulu la ng'ombe kapena timahatchi tambiri. Misewu yokonzedwa bwino inafikanso, ndipo katundu amene ankayenda pamsana anayamba kuyenda pa ngolo. Pa ngolo ndi pa pulawo chofunika ndi kulemera kwa thupi, ndipo mayendedwe ofewa aja anakhala opanda ntchito, chifukwa wokhala m'ngolo sasamala kuti hatchi ikuponya bwanji miyendo. Nthawi yomweyo ku Lanarkshire, kumpoto pang'ono, kunali kukula mtundu wa Clydesdale, hatchi yoposa masentimita 160 msinkhu ndi yolemera makilogalamu 800 kapena kuposerapo.

Tsono taganizirani mlimi amene ali ndi hatchi yaikazi ya Galloway. Hatchi imakhala ndi bere miyezi 11 ndipo imabala mwana mmodzi pa chaka, choncho bere lililonse ndi chisankho chachikulu. Akaikweretsa kwa yamphongo ya Galloway apeza kamwana kafupi kamene ogula akucheperachepera, koma akaikweretsa kwa yamphongo yaikulu apeza mwana wamsinkhu, wokoka pulawo, amenenso watengera kupirira kwa mayi wake. Mwana woyamba wosakanizayo amakhala wabwino kwambiri, ndipo pamenepa ndi pamene pali msampha, chifukwa ubwino wakewo umachititsa mlimi kubwereza. Mwana woyamba ali ndi theka la magazi a Galloway, mdzukulu ali ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo chidzukulu chili ndi limodzi mwa asanu ndi atatu. Pa nthawi yonseyi ana aamuna a mtundu wakale akuthenedwa kuti azigwira ntchito mofatsa, ndipo abwino koposa akugulidwa kupita ku England monga ananenera Defoe. Tsiku limene wina adzafune yamphongo yeniyeni adzapeza kuti m'dera lonse mulibe. Amene anaona mmene nkhuku zamakolo zinasinthira m'midzi ina atafika atambala a Mikolongwe aidziwa njira imeneyi, kungoti nkhuku zimaswana msanga ndipo zotsala zimachuluka, pamene hatchi imachedwa.

Lipoti la mu 1814 lija linanena kale kuti mtunduwu watsala pang'ono kutha, ndi kuti ochepa otsala ankapezeka m'zitunda ndi m'mapiri mokha, ndipo Youatt mu 1831 anaimba mlandu alimi ofuna hatchi yaikulu. Funso la ng'ombe likuyankhika pomwepo. Ng'ombe za Galloway zinali ndi msika umene unkazifuna mmene zinalili, chifukwa nyama yake inkayenda malonda ku England, choncho panalibe chokakamiza mlimi kuzisintha. Pamene mwambo wolemba ziweto m'kaundula unafalikira, oweta ng'ombezi anakhazikitsa bungwe lawo mu 1877, chaka chomwecho chimene oweta Clydesdale anakhazikitsa lawo. Hatchi ya Galloway sinafike pa nthawi imeneyo ili ndi gulu lokwanira kulembedwa. Zoterezi zinachitikiranso hatchi ya Narragansett Pacer ya ku Rhode Island ku America, imenenso inkayenda mofewa, inkagulidwa kwambiri kunja, ndipo inatha m'zaka za m'ma 1800.

Mayi wa ku Durham

Pa za mahatchi a Fell ndikufuna kutsutsana pang'ono ndi anthu a kwanuko, bambo, ngakhale kuti mawu awo ali ndi pogwira. Kuno kumpoto kwa England mahatchi ochokera ku Scotland analowa chifukwa cha migodi ya mtovu ya ku Swaledale, Weardale, Allendale ndi Alston Moor. Miyala ya mtovu inkachoka ku mgodi kupita kosungunulira, ndipo mtovu wosungunulidwawo unkachoka kumeneko kupita ku madoko monga Newcastle ndi Stockton, zonsezi pamsana pa mahatchi, iliyonse itasenza makilogalamu pafupifupi 100. Ankayenda mondondozana, osamangirirana, yotsogolera ili ndi mabelu m'khosi, munthu mmodzi akuyang'anira gulu lonse. Mpaka lero m'zigwa za kuno muli timilatho tamiyala topapatiza, tokwanira hatchi imodzi, tokhala ndi makoma aafupi kwambiri kapena topanda makoma n'komwe, ndipo anatimanga choncho kuti mitolo yolendewera m'nthiti mwa hatchi isakhule khoma. Mahatchi a Galloway anakweranitsidwa ndi mahatchi a m'mapiri a Pennine, ndipo mwa ana awo munatuluka mitundu iwiri: Fell chakumadzulo ndi Dales chakum'mawa. Njanji zitayamba ndi ya Stockton ndi Darlington mu 1825, ndiponso mtengo wa mtovu utagwa cha m'ma 1880 chifukwa cha mtovu wotchipa wa ku Spain, ntchito yonyamula inatha, koma mitundu iwiriyi inapeza pokhala m'mafamu a m'mapiri ndipo inapeza mabungwe oilemba, a Dales mu 1916 ndi a Fell mu 1922.

Choncho magazi alipo ndithu, ndipo oweta akale ankatchula mahatchi awo kuti Fell Galloway. Koma kukhala ndi magazi a kholo si kukhala kholo lenilenilo. Fell ya lero imalekeza pa zikhatho 14 monga Galloway, komabe yambiri ndi yakuda, ili ndi ubweya wautali wophimba ziboda, ndipo imatamandidwa chifukwa cha liwiro loponya miyendo mopingasa, osati mayendedwe ofewa aja. Amene anaonera maliro a Mfumukazi Elizabeth II pa 19 September 2022 anaona hatchi yakuda yotchedwa Emma itaima m'mphepete mwa msewu ku Windsor, ndipo imeneyo ndi Fell. Ifananitseni ndi hatchi yofiirira ya miyendo yakuda imene anafotokoza Youatt, muona kusiyana kwake. Dales inasakanizidwanso kwambiri, ndi Clydesdale, ndi Norfolk Trotter, ndiponso ndi yamphongo ya ku Wales yotchedwa Comet.

Chenjezo lina ndi la mabuku akale omwewo. Pofika nthawi ya Defoe dzina la Galloway linali litayamba kale kuperekedwa kwa hatchi iliyonse yaifupi yamphamvu, kaya inabadwira kuti. Anthu a m'migodi ya malasha ya ku Durham ndi Northumberland ankatchula choncho mahatchi onse a pansi pa nthaka, amene anachuluka lamulo la mu 1842 litaletsa amayi ndi ana aamuna osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi, ndipo otsiriza a ku mgodi wa Ellington anatuluka mu 1994. Ku Australia mpaka pano dzinali ndi la gulu la msinkhu pa zionetsero, la mahatchi a zikhatho 14 mpaka 15. Motero pamene Youatt akusimba kuti mu 1754 hatchi ina ya galloway inayenda mamailosi 100 pa tsiku kwa masiku atatu otsatizana pa bwalo la mipikisano ya mahatchi la ku Newmarket ku England, kutanthauza makilomita 160 tsiku lililonse, tisafulumire kuiwerengera ku mtundu wa ku Scotland, chifukwa m'buku lakelo dzinali akuligwiritsa ntchito pa msinkhu.

Mlendo wa ku Dumfries

Zikomo kwambiri mayi, ndi inu abambo nonse awiri. Kutchula kwanu Newmarket kwandikumbutsa chinanso chimene amanena kuno, chakuti mahatchi a mpikisano a Thoroughbred anatengera liwiro lawo kwa Galloway. Kodi imeneyinso ndi nthano yokometsera, kapena ili ndi umboni?

Wokonda Mbiri Yakale

Imeneyi ili ndi maziko kuposa ya zombo ija, koma ikufunika kuinena mosamala. Mbiri yodziwika ya Thoroughbred imatamanda zamphongo zitatu zochokera kum'mawa, Byerley Turk ya m'zaka za m'ma 1680, Darley Arabian imene inafika mu 1704, ndi Godolphin Arabian ya cha m'ma 1729, koma zamphongo sizibereka zokha. Kaundula wa mtunduwu, General Stud Book, anayamba kutuluka mu 1791, patapita zaka zambiri, ndipo zazikazi zoyambirira zambiri zinalembedwa mopanda tsatanetsatane wa makolo ake. Oweta ambiri oyambirira anali ku Yorkshire, kumene mahatchi othamanga ochokera ku Scotland ndi ku Ireland anali kale m'makola zamphongo zakum'mawazo zisanafike.

Mu 2012 ofufuza a ku University College Dublin ndi ku Cambridge, kuphatikizapo Emmeline Hill ndi Mim Bower, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa kachigawo ka DNA kolamulira kakulidwe ka minofu, kotchedwa myostatin. Anapeza kuti mtundu wake umene umapatsa hatchi liwiro pa mtunda waufupi unalowa mu Thoroughbred kamodzi kokha, zaka pafupifupi 300 zapitazo, kudzera mwa hatchi yaikazi ya mitundu ya ku Britain komweko, ndipo mwa mitundu yamoyo imene anaiyeza unapezeka kwambiri mwa timahatchi ta Shetland. Popeza Galloway ndi imene inali hatchi yothamanga ya kumpoto pa nthawiyo, n'zomveka kuti anthu amailoza chala. Kafukufukuyo, komabe, analoza mahatchi a ku Britain monga gulu, ndipo sanayeze Galloway, chifukwa panalibe yamoyo yoti ayeze.

Chenjezo la mayi a ku Durham likugwiranso ntchito pano. M'makolo a Thoroughbred muli yamphongo yotchuka yotchedwa Bald Galloway, imene inabereka Roxana, mayi wa Cade, ndipo Cade ndi amene anabereka Matchem mu 1748, imodzi mwa nsanamira za mtunduwu. Anthu ambiri akaona dzinalo amati umboni ndi umenewu, chonsecho bambo wa Bald Galloway anali hatchi yochokera kunja yotchedwa St Victor's Barb. Mipikisano ya mahatchi aafupi inali yofala m'matauni ang'onoang'ono a ku England, mpaka mu 1740 nyumba ya malamulo inaletsa mipikisano ya mphotho yochepera mapaundi 50 n'kukhazikitsa katundu wolemera woti hatchi zizinyamula pothamanga. Lamulo limeneli linakomera mahatchi aatali a anthu olemera, ndipo hatchi yaifupi inataya msika wa mpikisano zaka zochepa chabe isanayambe kutaya wa m'munda ndi wa pamsewu umene afotokoza a Mlangizi.